PHUNZIRO 17: TIKONZE POGONA ANA

Mawu a lero: pogona, mtsiro, kama, neti, zenera, dzina

TIWERENGE

Mwana akagona 8 koloko usiku nadzuka 5 koloko m'mawa, ndiye kuti wakhala pogona pake maola 9. Udzudzu wa malungo umaluma nthawi imeneyi. Chisanu nacho chimalowa nthawi yomweyi. Komabe m'nyumba zambiri ana amagona pamene patsala malo, pakati pa matumba, makasu ndi nkhuku.

Ena amati, "Ife tilibe ndalama zokonzera chipinda cha ana." Nzoona, ndalama ndi yosowa. Koma zambiri zofunika pa ntchitoyi sizigulidwa kumsika wa Milange kapena ku Muloza. Zili kudambo, kumunda ndi m'manja mwathu.

1. Tiyambe ndi kutulutsa katundu

Matumba a chimanga ndi a nandolo amaitana makoswe. Ngati mukuopa akuba, asungeni m'chipinda cha akulu, pa thandala. Nkhuku zimabwera ndi utitiri, chotero zimangireni khola lawo. Feteleza, palafini ndi mankhwala a mbewu zikhale pamene mwana sangafikire.

Ngati nyumba ili ya chipinda chimodzi, idulireni pakati ndi mphasa kapena bango. Anyamata ogona kugowelo ndi atsikana ogona kwa agogo awo nawonso ndi ana athu. Malo awo tiwakonze chimodzimodzi.

2. Pansi ndi khoma

Matekenya ndi utitiri zimaswana m'fumbi. Nsikidzi zimabisala m'ming'alu ya khoma. Tsono matani ming'alu yonse ndi dothi. Zirani pansi ndi mtsiro, ndipo kulungizani ndi mwala wosalala. Pansi pozira bwino sipavuta kusesa.

Yang'anani pamene khoma lakumana ndi denga. Udzudzu wambiri umalowera pampata umenewu. Tsekanipo ndi dothi kapena zidina. M'malo mwake boolani zenera kuti mphepo ndi kuwala zizilowa. Pazenerapo khomanipo chidutswa cha neti yakale.

Kunja kwa nyumba nakonso kuli ntchito. M'mwezi wa Marichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa nyumba zambiri kuno ku Zambezia ndi kutsidya kwa malire, ku Mulanje ndi ku Phalombe. Khoma la dothi limafooka madzi akaima m'tsinde mwake. Kwezani khonde. Kumbani ngalande kuzungulira nyumba mvula isanayambe. Mwana asagone m'mbali mwa khoma lonyowa kapena lopendekeka.

3. Kama wa mwana

Mwana wogona pansi amamva chinyontho ndi kuzizira kwa dothi. Kama wa mitengo safuna misomali. Dulani mphanda 4 zolimba ndi kuzizika pansi. Zisapitirire m'bondo, kuti mwana akagwa asavulale. Ikani mitanda pa mphandazo. Yalani nsungwi zong'amba pamwamba pake ndi kuzimanga ndi luzi kapena khonje. Pomaliza yalani mphasa.

Kama asagunde khoma. Siyani mpata wolowa dzanja kuti neti izungulire mbali zonse. Kamodzi pa sabata tulutsani mphasa ndi zofunda, muzikung'unthe ndi kuziyanika padzuwa.

Khanda lisagone lokha. Ligone pafupi ndi mayi ake, m'kati mwa neti, chagada, ndipo lisaphimbidwe kumaso.

4. Neti

Pa zonse za m'chipinda cha ana, neti ndiyo yaikulu. Malungo amapha ana ambiri osakwana zaka 5. Mayi woyembekezera amalandira neti yaulere kusikelo, ndipo boma limagawanso maneti m'midzi nthawi ndi nthawi.

Neti yatsopano iyanikeni pamthunzi tsiku limodzi musanayambe kugonamo. Ipachikeni ndi zingwe 4. Usiku pisirani m'mphepete mwake pansi pa mphasa. Ikang'ambika isokeni tsiku lomwelo, pakuti udzudzu sufuna khomo lalikulu. Ichapeni ndi madzi ozizira ndi sopo wamba, ndi kuiyanika pamthunzi. Mankhwala ake amagwira ntchito zaka pafupifupi 3.

Neti si yopherera nsomba. Si yotchingira dimba kapena anapiye. Amene wamanga dimba ndi neti wateteza mpiru, koma wapereka mwana wake kwa udzudzu.

M'mwezi wa Ogasiti 2024 katemera wa malungo anayamba kuperekedwa kwa ana aang'ono m'chigawo chathu cha Zambezia. Katemerayu amathandiza, koma salowa m'malo mwa neti. Mwana akatentha thupi, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

5. Chisanu, utsi ndi moto

Phiri la Chiperone lili m'boma lathu lino la Milange. Mvula yowaza ndi mphepo yozizira ya mu Juni ndi Julaye imatchedwa chiperoni chifukwa imachokera mbali ya phiri limeneli. Nyengo imeneyi ena amalowetsa mbaula m'nyumba ndi kutseka chitseko. Zimenezi n'zoopsa. Makala oyaka amatulutsa mpweya woipa umene suoneka ndipo sununkha. Mpweyawu umapha munthu ali m'tulo. Utsi wa nkhuni nawo umavulaza chifuwa cha mwana, ndipo chibayo chimamugwira msanga.

Mwana afunditsidwe ndi nsalu osati ndi moto. Sonkhanitsani zidutswa za makapulana akale. Zilumikizeni ndi singano, musanjikize kawiri kapena katatu. Mudzapeza chofunda chotentha ndi chokongola.

Koloboyi ndi kandulo zikhale kutali ndi neti ndi denga la udzu. Wamkulu ndiye azimitse asanakagone. Ngati mwapeza ndalama pang'ono mutagulitsa mbewu, nyali ya sola ndiyo yoyamba kugula.

6. Tikongoletse

Amayi athu akhala akukongoletsa makoma kuyambira kale. Dothi loyera limapereka mtundu woyera. Katondo amapereka wofiira. Makala osinja amapereka wakuda. Pakani khoma la m'kati ndi dothi loyera kapena njereza. Chipinda chimawala, ndipo nsikidzi kapena udzudzu zimaonekera msanga. M'munsi mwa khoma lembani mzere wofiira. Ana okha ajambule nsomba, mbalame kapena phiri la Tumbine.

Mangani nsungwi imodzi chopingasa kuti ikhale popachika zovala. Kolekani dengu laling'ono losungiramo makope, kuti chiswe ndi mbuzi zisawadye.

Tsono pali chokongoletsa china chimene kale sitikanatha kuchipanga. Ife tikuphunzira kulemba. Tengani khala, mulembe pakhoma loyeralo: a e i o u. Pansi pake lembani manambala kuyambira 1 mpaka 10. Pamwamba pa kama lembani dzina la mwana ndi zilembo zazikulu. Adzaliona pogona ndi podzuka. Pokayamba sukulu adzakhala akulidziwa kale, ndipo adzanena kuti, "Analemba ndi amayi anga," kapena, "Analemba ndi abambo anga."

TIKAMBIRANE

1. Kodi m'mudzi mwathu ana amagona pati? Nanga pamenepo pamakhalanso chiyani?
2. Chifukwa chiyani ena amagwiritsa neti ntchito zina? Tingawalangize bwanji?
3. Kodi mbaula ya makala imapha bwanji munthu wogona?
4. Pa ntchito zimene tawerengazi, ndi ziti zingagwiridwe ndi abambo, amayi ndi ana pamodzi?

MASAMU

1. Kama mmodzi amafuna mphanda 4. Makama 3 adzafuna mphanda zingati?
2. Mwana amagona maola 9 usiku uliwonse. Ndi maola angati pa masiku 7?
3. Banja linalandira maneti 3. Mu neti iliyonse mumagona anthu 2. Ndi anthu angati atetezedwa?

TILEMBE

Mwana wanga amagona mu neti.
Ndazira pansi ndi mtsiro.
Dzina la mwana wanga ndi ____________.

NTCHITO YA SABATA INO

Khalani m'magulu a anthu 3 kapena 4 oyandikana nyumba. Konzani pogona ana m'nyumba imodzi, kenaka pitani kunyumba ya mnzanu. Amene dzanja lake likadanjenjemera polemba ayambe wayeserera pansi ndi kamtengo. Tikakumananso, aliyense adzalembe pa bolodi dzina limene walemba pakhoma.