Chiphamaso m'masewero a Molière ndi Soyinka: kodi maso akufawo ndi a yani?

Mawu oyamba

Makolo adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Pomasulira mwambiwu, ambiri timadzudzula nkhuyu chifukwa chobisa nyerere, koma sitifunsa za munthu amene watola nkhuyuyo n'kuiponya m'kamwa asanaing'ambe. M'nkhani ino ndikuunika mutu wa chiphamaso m'masewero awiri: Tartuffe lolembedwa ndi Molière wa ku France, ndi The Trials of Brother Jero lolembedwa ndi Wole Soyinka wa ku Nigeria. Mfundo yanga ndi yakuti chiphamaso si ntchito ya munthu mmodzi. Wachiphamaso amakula mphamvu pokhapokha pamene omuzungulira ali ndi chifukwa chawochawo chofunira kupusitsidwa.

Zomwe liwulo likutiuza

Liwu la Chingerezi lakuti hypocrite lidachokera ku liwu la Chigiriki lakuti hypokrites, lomwe linkatanthauza munthu wochita sewero pabwalo atavala chigoba kumaso. Liwuli likuloza kwa wochitayo. Liwu lathu lakuti chiphamaso lidapangidwa mwina: pali mphatikiri chi-, tsinde la mneni -pha, ndi dzina lakuti maso. Tsono chiphamaso ndi chinthu chopha maso, ndipo maso akufawo si a wochitayo ayi koma a woonerera. Apa Chichewa chikutikumbutsa kuti m'nkhaniyi muli anthu awiri. N'chifukwa chake chiphamaso n'chosiyana ndi bodza wamba. Wabodza akhoza kunama kamodzi n'kuthawa, koma wachiphamaso amafuna anthu oti azimuona tsiku ndi tsiku, n'kumamuchitira umboni kuti ndi wolungama.

Orgon, mwini maso akufa

Sewero la Tartuffe lidaonetsedwa koyamba ku Versailles mu 1664, ndipo Mfumu Louis XIV idaletsa kuti lisaonetsedwe poyera atadandaula akuluakulu a mpingo. Mu 1667 arkibishopu wa ku Paris adaopseza kuti achotsa mumpingo aliyense wolichita, woliwerenga kapena wolimvetsera. Lidaloledwa mu 1669. Mkwiyo umenewu ukusonyeza kuti Molière adakhudza pachilonda.

Chochititsa chidwi m'kalembedwe kake n'chakuti seweroli lili ndi magawo 5, koma Tartuffe mwiniyo sakuonekera mpaka m'gawo lachitatu. M'magawo awiri oyamba tikungoona banja la Orgon, munthu wachuma amene adakomana ndi Tartuffe kutchalitchi akupemphera modzionetsera, n'kumutengera kunyumba kwake. Orgon akubwerako kuulendo, wantchito wamkazi Dorine akumufotokozera kuti mkazi wake Elmire adadwala kwambiri osagona tulo. Iye sakulabadira za mkaziyo koma akungofunsa za Tartuffe, n'kumamumvera chisoni, chonsecho akuuzidwa kuti mlendoyo adadya nkhwali ziwiri ndi theka la mwendo wa nkhosa. Molière akufuna kuti tiyambe tamudziwa wopusitsidwayo tisanaone wopusitsayo.

Tartuffe si katswiri wa chinyengo. Dorine wamutulukira kale. Damis, mwana wa Orgon, akumumva ndi makutu ake akufunsira Elmire, n'kukanena kwa bambo ake. Koma paja wamisala adaona nkhondo: Orgon akuthamangitsa mwana wakeyo panyumba, n'kulembetsa chuma chonse m'dzina la Tartuffe. Akufunanso kumupatsa mwana wake wamkazi Mariane, amene adamulonjeza kale kwa Valère. Kodi n'chifukwa chiyani munthu wanzeru zake akuchita zotere? M'kuona kwanga, Orgon akupeza phindu mwa Tartuffe. Kudzera mwa "munthu wa Mulungu" ameneyu, iye akutha kulamula banja lake mwankhanza kwinaku akudzimva kuti ndi wopembedza. Maso ake akutseguka pokhapokha Elmire atamubisa pansi pa tebulo kuti adzimvere yekha. Ngakhale pamenepo, mayi ake, Madame Pernelle, akukanabe kukhulupirira zimene mwana wawo waona.

Jero ndi makasitomala ake

Sewero la Soyinka lidaonetsedwa koyamba ku Ibadan mu 1960, chaka chimene Nigeria idalandira ufulu wodzilamulira. Jero ndi mneneri wa pagombe la Bar Beach mumzinda wa Lagos. Mosiyana ndi Tartuffe, amene salankhula zakukhosi kwa oonera, Jero akuulula zonse pamaso pathu. Uneneri akuutenga ngati malonda, ndipo omutsatira akuwaona ngati makasitomala. Chinsinsi chake n'chakuti anthuwo asamakhutitsidwe, poti munthu akapeza chimene amafuna sabwereranso kwa mneneri.

Chitsanzo chachikulu ndi Chume, mesenjala wa m'boma amene akulakalaka zinthu ziwiri: kukwezedwa pantchito ndi kumenya mkazi wake Amope. Jero akumuletsa kumenya mkaziyo, osati chifukwa chodana ndi nkhanza koma kuti Chume azibwerabe kudzapempha. Kenaka Jero akutulukira kuti Amope ndi mayi wamalonda yemwe uja wamanga msasa pakhomo pake kulonjerera ngongole ya mkanjo. Pompo chifuniro cha kumwamba chikusintha, Chume akuloledwa kukamenya mkazi wake. Kumapeto Jero akukola phungu wa nyumba ya malamulo amene akulota unduna, ndipo akukonza zogwiritsa ntchito mphamvu za phunguyo potsekera Chume kuchipatala cha amisala.

Chume ndi phunguyo sakufuna chilungamo kwa Jero. Aliyense akufuna munthu woti adalitse chilakolako chake. Pamenepa ndi pamene akufanana ndi Orgon. Koma mathero a masewerowa ndi osiyana. Kwa Molière, nthumwi ya mfumu ikubwera kudzamanga Tartuffe n'kubwezera Orgon nyumba yake. Kwa Soyinka kulibe mpulumutsi, poti wolamulira amene akadatha kuletsa chinyengocho wasanduka kasitomala. Ife oonera tikuseka, komabe Jero watiuza zinsinsi zake zonse ndipo takhala chete ngati anzake opangana nawo.

Amene amaona koma osanena

Pali mtundu wina wa oonerera umene ndidaudziwa kwathu osati m'buku. Malume anga adadwala miyezi yambiri. Wachibale wina wopata, wokhala m'tauni, sadabwere kudzazonda ngakhale tsiku limodzi, ndipo uthenga wopempha thandizo la mankhwala sadauyankhe. Tsiku la maliro adafika ndi bokosi lokongola, nalankhula m'malo mwa banja, akusisima, kuti womwalirayo adali ngati bambo ake. Tonse tinkadziwa zoona zake. Tonse tidavomereza ndi mitu, ine ndemwe. Madzulo ake ndidafunsa mayi anga chifukwa chimene panalibe wotsutsa. Adandiyang'ana nati, "Mwanawe, bokosilo ukadagula ndiwe?"

Yankho limenelo landivutitsa kuposa masewero onse awiriwa. Ife sitidali ngati Orgon, poti maso athu ankaona bwino lomwe. Tidawatsinzina dala chifukwa tinkafuna bokosi, ndiponso tinkadziwa kuti mawa tidzafuna fizi. Sindinganene kuti mayi adalakwa, pakuti umphawi umachititsa chilungamo kukhala chokwera mtengo. Koma sindinganenenso kuti wachiphamaso pamaliropo adali mmodzi. Paja anyani amasekana zikundu. Iye adachita sewero la chisoni, ife tidachita sewero lokhulupirira, ndipo sewero lakelo silikadatheka popanda lathuli. Zoterezi timazionanso pamisonkhano ya kampeni, pamene anthu amaombera m'manja malonjezo amene sakuwakhulupirira, maso ali pa nsalu ndi ndalama zogawidwa pamapeto.

Mawu omaliza

Masewero awiriwa adalembedwa motalikirana zaka pafupifupi 300, m'mayiko osiyana chikhalidwe, koma onse akuthera nthawi yaitali pa wopusitsidwa kusiyana ndi momwe timayembekezera. Ndikuona kuti pounika mpangankhani wachiphamaso sikokwanira kundandalika mabodza ake. Tiyenera kufunsanso kuti amene akumukhulupirira akupindula chiyani, ndipo amene akudziwa zoona akuopa kutaya chiyani. Dorine adalankhula ngakhale adali wantchito woti akadatha kuchotsedwa tsiku lomwelo. Ine pamaliro a malume anga sindidalankhule, ndipo fizi ya chaka chotsatira adandilipirira ndi wachibale yemwe uja.