Kuika SSD mu Laputopu ndi Kuikanso Windows: Mafunso ndi Mayankho kwa Anthu a ku Salima

Ambiri mwa malaputopu omwe aphunzitsi, ophunzira a pa Salima Technical College, alembi a m'malo ogona alendo ku Senga Bay ndi amalonda a pa boma la Salima ali nawo anagulidwa atagwirapo kale ntchito kwina, ndipo eni ake amadandaula chinthu chimodzi, chakuti makinawo amachedwa kuyaka ndi kutsegula mapulogalamu. Kabuku kano kakulongosola njira imodzi yothetsera vutolo, yomwe ndi kuchotsa hadi disiki n'kuikapo SSD, kenaka n'kuikanso pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta, monga Windows. Ntchito ya manja pa zimenezi ndi yochepa, ndipo chimene chimaipindulitsa kapena kuiwononga ndi kakonzekeredwe kake.

1. Kodi hadi disiki ndi SSD zimasiyana bwanji?

Zonse ziwiri zimasunga zolemba, zithunzi ndi mapulogalamu, koma kapangidwe kake n'kosiyana. Hadi disiki, yomwe kampani ya IBM inayamba kupanga mu 1956, ili ndi timbale tamaginito, tomwe mu laputopu timazungulira maulendo 5,400 kapena 7,200 pa mphindi, ndi kamkono koyenda pamwamba pake kufunafuna pamene palembedwa chinthu, monga imachitira singano ya galamafoni pa mbale ya nyimbo. SSD ilibe chozungulira chilichonse, chifukwa imasunga zinthu m'tizipangizo totchedwa NAND flash, tomwe Fujio Masuoka ndi anzake anapanga ku kampani ya Toshiba ku Japan m'zaka za m'ma 1980, ndipo zolembedwamo sizifufutika magetsi akazima. Hadi disiki ya laputopu imawerenga pafupifupi 100 MB pa sekondi imodzi, pamene SSD wamba imafika 550 MB, koma phindu lalikulu limaoneka Windows ikamayaka, popeza nthawi imeneyo imafuna timafayilo tambirimbiri tomwazikana, tomwe SSD imatipeza popanda kudikira kuti mbale izungulire.

2. Nanga SSD ikukhudzana bwanji ndi moyo wa m'mbali mwa nyanja?

Laputopu yonyamulidwa pa kabaza, m'minibasi ya ku Lilongwe kapena m'boti imagwedezeka kwambiri, ndipo hadi disiki ikagundidwa ili mkati mozungulira, kamkono kaja kangathe kukanda mbale n'kuwononga zolembedwa, vuto limene SSD ilibe. Imadyanso moto wochepa, choncho batire limakhalitsako, chinthu chofunika kumene magetsi amazimazima, monga zinakhalira namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022. Ngakhale malo opangira magetsi a dzuwa a 60 MW anatsegulidwa ku Salima mu 2021, moto wake umalowa m'mawaya a dziko lonse a ESCOM, kotero sizitanthauza kuti nyumba za pafupi sizizimirwa. Komabe SSD sichiza matenda onse. Laputopu yomwe fani yake yadzaza fumbi ndi mchenga wouluzidwa ndi mwera imadzichedwetsa yokha ikatentha, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, ndipo yomwe ili ndi RAM ya 4 GB yokha, kutanthauza malo ogwiriramo ntchito mapulogalamu otsegulidwa, imalemedwabe mpaka RAM itawonjezeredwa kufika 8 GB.

3. Kodi SSD iliyonse ingalowe mu laputopu iliyonse?

Ayi, chifukwa mitundu yake ndi ingapo. SSD ya SATA ya mainchesi 2.5 ndi yofanana msinkhu ndi hadi disiki ya laputopu ndipo imalowa pamalo omwewo, choncho ndiyo yoyenera makina ambiri akale a HP, Dell, Lenovo ndi Toshiba. Mtundu wa M.2 ndi kachidutswa kopyapyala kolowetsedwa pa bolodi lalikulu la kompyuta, ndipo nambala 2280 yolembedwa pa ambiri mwa iwo imatanthauza mamilimita 22 m'lifupi ndi 80 m'litali. Pa M.2 pomwepo pali ya SATA ndi ya NVMe, yomwe imatha kupitirira 3,000 MB pa sekondi, ndipo laputopu ina imalandira umodzi wokha mwa mitundu iwiriyi. Mwini wake ayenera kuwerenga dzina ndi nambala ya makina zolembedwa kunsi kwake, n'kufufuza mtundu woyenera asanalipire ndalama ya ulendo wa ku Lilongwe kapena asanatume munthu wochokera ku Johannesburg.

4. Kodi yoyenera kugula ndi yaikulu bwanji, ndipo yachinyengo imadziwika bwanji?

Ya 256 GB imakwanira Windows, mapulogalamu a mu ofesi ndi zolemba, pamene wojambula zithunzi ndi mafilimu a maukwati amafunika ya 512 GB kapena kuposa. Wogula asadabwe kuona Windows ikusonyeza 238 GB pa SSD ya 256 GB, chifukwa opanga ndi Windows amawerengera mosiyana. Chinyengo chenicheni ndi SSD yomwe imadzionetsa yaikulu pamene mkati mwake ndi yaing'ono, kapena yakale yogulitsidwa ngati yatsopano. Pulogalamu yaulere ya H2testw imadzaza SSD n'kuiwerenganso kuti ione kukula kwake koona, ndipo ya CrystalDiskInfo imaonetsa maola amene yagwira ntchito ndi kuchuluka kwa zimene zinalembedwamo. N'chifukwa chake lisiti ndi lonjezo la wogulitsa loti adzabweza ikapezeka yolakwika n'zofunika kuposa kutsika kwa mtengo.

5. N'chiyani chiyenera kuchitika laputopu isanatsegulidwe?

Choyamba ndi kukopera mafayilo onse ofunika ku disiki ina kapena ku fulashi, kuphatikizapo zimene zimaiwalika kawirikawiri, monga zosungidwa mu Desktop ndi Downloads, mapasiwedi a maakaunti ndi makiyi a mapulogalamu ogulidwa. Ngati disiki yakale inakhomedwa ndi BitLocker, njira ya Windows yobisira zolemba kuti mlendo asaziwerenge, kiyi wake wa manambala 48 ayenera kulembedwa papepala, popeza popanda kiyiyo disikiyo sidzatsegukanso ikachotsedwa m'makina. Chachiwiri ndi kukonza fulashi yosachepera 8 GB yoikira Windows, pogwiritsa ntchito Media Creation Tool ya Microsoft kapena pulogalamu ya Rufus, podziwa kuti zonse zimene zinali mu fulashiyo zimafufutika. Windows imatenga ma GB oposa 5 potsitsa pa intaneti, choncho bandulo ya TNM kapena Airtel iyenera kukhala yokwanira kuti isathere panjira. Windows yotengedwa kwa munthu wosadziwika ingakhale ndi mavairasi obisika kale mkati. N'kwanzerunso kusungiratu dalaivala wa Wi-Fi, kapulogalamu kothandiza Windows kuzindikira chipangizo cholumikizira intaneti, chifukwa popanda iye madalaivala ena onse sangatsitsidwe mosavuta.

6. Kodi kusintha kwenikweniko kumachitika motani?

Laputopu imazimitsidwa kotheratu, chaja chimazulidwa, ndipo batire limachotsedwa, kapena waya wake umamasulidwa ngati lili mkati. Ntchitoyi imafuna tebulo loyera m'chipinda chosalowa mphepo ya mchenga, manja ouma opanda thukuta, ndi sikuludiraiva yaing'ono yolingana ndi timabawuti, tomwe tiyenera kuyalidwa mwandondomeko chifukwa timasiyana kutalika. Wogwira ntchitoyo amayamba wakhudza chitsulo china kuti magetsi a m'thupi, omwe angapsereze tizipangizo, achoke. Hadi disiki imasololedwa mosakakamiza, chitsulo choigwirizira chimasamutsidwira pa SSD, ndipo SSD imalowetsedwa mpaka itakhazikika. Ya M.2 imalowetsedwa mopendekera, n'kutsindikizidwa pansi, n'kumangidwa ndi kabawuti kamodzi. Popeza makina ali otsegula kale, ndi nthawi yabwino yochotsa fumbi mu fani ndi m'mazenera otulukira mpweya.

7. Kodi Windows imaikidwanso bwanji, ndipo layisensi yake imatayika?

Fulashi ija ikalowetsedwa, laputopu imayatsidwa kwinaku akudina batani losankhira poyambira, lomwe pa HP ndi F9 ndipo pa Dell ndi Lenovo zambiri ndi F12. Woika amasankha SSD yopanda kanthuyo n'kusiya Windows igawe yokha malo ake. Batire liyenera kukhala lodzaza ndiponso chaja chili pamoto, chifukwa makina akazima pakati, ntchito imayambanso pachiyambi. Layisensi nthawi zambiri sitayika, popeza kuyambira Windows 8 mu 2012 opanga malaputopu amalemba kiyi mkati mwa bolodi lalikulu, ndipo Windows 10 ndi 11 zimazindikira makinawo zikalumikizidwa ku intaneti, malinga mtundu woikidwawo, Home kapena Pro, ukhale womwe unalipo kale. Njira ina ndi kukopera disiki yonse yakale ku SSD, njira yomwe imapulumutsa bandulo koma imasamutsanso mavairasi ndi zolakwika zonse zakale.

8. Nanga laputopu ikakana Windows 11?

Microsoft inathetsa chithandizo cha nthawi zonse cha Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, kutanthauza kuti mipata yatsopano yolowera akuba a pa intaneti sitsekedwanso monga kale. Windows 11, yomwe inatuluka mu Okutobala 2021, imafuna RAM ya 4 GB, malo a 64 GB, kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko, monga ya Intel ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita mtsogolo. Makina osakwanitsa zimenezi angathe kulandira Linux Mint kapena Ubuntu, yomwe Mark Shuttleworth wa ku South Africa anayambitsa mu 2004. Zonse ziwiri n'zaulere, zimaikidwa ndi fulashi mofanana ndi Windows, ndipo zimayendetsa LibreOffice yolembera makalata ndi kuwerengetsera ndalama, ngakhale mapulogalamu ena opangidwira Windows yokha sagwira.

9. Kodi SSD imasamalidwa bwanji, ndipo disiki yakale ichitidwe chiyani?

SSD imatha pang'onopang'ono ndi kulembedwa, koma malire ake ndi aakulu, mwachitsanzo 300 TB pa Samsung 870 EVO ya 500 GB, omwe wolemba makalata ndi malipoti sangawafike msanga. Siyenera kudzazidwa mpaka pakamwa, ndiponso siyenera kusiyidwa miyezi yambiri pamalo otentha osayatsidwa, monga m'galimoto kapena pafupi ndi denga la malata, chifukwa kutentha kumafulumizitsa kufufutika kwa zosungidwamo. Hadi disiki ikamafa nthawi zina imachenjeza ndi phokoso, pamene SSD ingathe kungoleka popanda chizindikiro, ndipo kupulumutsa zolembedwamo n'kovuta ndi kodula. Pa chifukwa chimenechi disiki yakale, ngati ili yamoyo, iikidwe m'kabokosi ka USB ka mainchesi 2.5 kuti izisunga kope lachiwiri la mafayilo sabata iliyonse, ndipo ngati ikugulitsidwa, zonse za mkati mwake zifufutidwe kotheratu isanachoke m'manja mwa mwini wake.