PHUNZIRO 6: CHIGODOLA CHA NKHUMBA CHIMAFALA BWANJI?

Chigodola ndi matenda a nkhumba oyamba ndi kachirombo kosaoneka ndi maso kotchedwa vairasi. Anadziwika koyamba ku Kenya m'chaka cha 1921. Alibe mankhwala ochiza, ndipo akalowa m'khola nkhumba zambiri zimafa pasanathe masabata awiri. Munthu sadwala chigodola, koma kawirikawiri ndiye amachinyamula.

Njira zake ndi izi:
1. Nkhumba yodwala ikakhudzana ndi zinzake.
2. Nkhufi zobisala m'makola ndi m'mauna a njiri. Njiri, monga zopezeka ku Vwaza, zimatha kusunga kachiromboka popanda kudwala.
3. Nyama ya nkhumba yodwala, ngakhale yowamba, ndiponso makombo ake.
4. Nsapato, mipeni ndi njinga za ogula.

Tichite chiyani? Titsekere nkhumba m'khola masiku onse. Tisalole alendo kulowamo. Yogula kumene ikhale payokha masabata atatu. Ikafa tiuze alangizi a ziweto msanga, ndipo tiikwirire m'dzenje lakuya.

Funso lokambirana m'Mphakati:
Mkhristu wina nkhumba zake zayamba kufa. Akufuna kupha zotsala kuti akagulitse nyama pa Bolero, apeze fizi ya ana. Timulangize zotani, nanga timuthandize bwanji?