Thirakitala yaing'ono pa munda wa malima 8

Wowulutsa: Kalata yoyamba yachokera ku Chililalila konkuno ku Kabwe. Bambo awa anapuma ntchito ku njanji, ndipo ndalama za penshoni anagulira Massey Ferguson 135 yakale. Akuti: "Munda wanga ndi malima 8. Mu Okutobala ndinamanga pulawo ya madisiki atatu, koma thirakitala imangofuka utsi wakuda, matayala n'kumazungulira pamalo amodzi. Kodi ndiigulitse ndigule yaikulu?"

Katswiri: Musagulitse, bambo. Malima 8 ndi mahekitala awiri okha, ndipo 135 ili ndi mphamvu za mahosipawa pafupifupi 45, zokwanira n'kutsalako. Anasiya kuipanga cha m'ma 1975, koma injini yake ya Perkins amakaniko ambiri amaidziwa bwino. Chavuta ndi mwezi umene mwalowera m'munda. Mu Okutobala nthaka yathu imakhala itauma gwaa, ndiye madisiki amangopala pamwamba, dizilo n'kumapsa pachabe.

Lowani m'munda mu Meyi kapena Juni, mukangokolola, pansi pakadali kachinyezi. Ndipo m'malo mogalauza munda wonse, mangani ripa ya mano awiri, mung'ambe mizere yokhayo yomwe mudzabzalemo chimanga, yotalikirana masentimita 75 mpaka 90. Mapesi muwasiye pansi, musatenthe. Ripa imaswa chidikhiro cholimba chija chomwe pulawo imasiya pansi chaka ndi chaka, madzi a mvula n'kumalowa. Ngati dzino likukana, ikani giya yotsika, mudutse kawiri mumzere womwewo. Mvula yobzalira ikagwa mu Novembala, inu mbewu m'manja, anzanu akadali pamzere wodikira thirakitala yahayala.

Za utsi wakudawo, tsegulaninso sefa ya mpweya. Fumbi la m'chilimwe limaitseka msanga, injini n'kumabanika.

Wowulutsa: Mayi ena akuti mwana wawo akakoka ngolo ya matumba kupita ku depoti ya FRA, kutsogolo kwa thirakitala kumanyamuka pachitunda.

Katswiri: Amayi, mumuletse lero lomwe. Zimenezo zimapha. Ngolo kapena tcheni zimangidwe pachitsulo chokokera chapansi, osati pamwamba pa ekiselo. Mukamanga pamwamba, thirakitala imagudubukira chagada m'kanthawi kochepa, woyendetsa asanaponde n'komwe kilatchi. Chepetsani matumba, ikani zitsulo zolemera kutsogolo, ndipo mukakhala pamsewu mapedulo awiri a mabuleki azikhala olumikizidwa. Ana asakwere pamadigadi, ngakhale alire bwanji.

Wowulutsa: Funso lomaliza ndi lalifupi. Womvera wina akufuna kukatuta dothi ndi miyala pafupi ndi mgodi wakale kuti akwirire maenje a njira ya kumunda.

Katswiri: Ayi, musayerekeze. Mgodi wa Kabwe unatsekedwa mu 1994, koma mtovu unatsala m'milu ya dothi la mgodiwo ndi m'fumbi la madera oyandikana nawo monga Kasanda, Makululu ndi Chowa. Mtovu suwola. Mukautuya kumunda, uzimatirira kumatayala, kumasamba a ndiwo ndi kumanja kwa adzukulu, ndipo umawononga ubongo wa mwana pang'onopang'ono, popanda chizindikiro chooneka msanga. Kumbani tsakalabwe kumbali ya munda wanu womwewo, ngolo yanuyo ituta ndithu.