Mphepo ndi Ntchito za Pamunda

Achikumbe, mphepo ya pafupi ndi nthaka siomba mofanana tsiku lonse. Usiku mpweya wozizira umakhazikika pansi, choncho m'mamawa mphepo imachepa. Dzuwa likatenthetsa nthaka, mpweya wa pansi umakwera nusakanikirana ndi wa kumwamba umene umathamanga kwambiri. Ndicho chifukwa chake mphepo imakula masana.

A zanyengo amayeza mphepo pa mamita 10 kuchokera pansi. Amapeza kuti masiku a kamphepo ndi ochuluka, a mkuntho ndi owerengeka. Koma owerengekawo ndiwo amasasula zigafa.

Motero poperani mankhwala pa thonje ndi fodya m'mawa mame atauma. Masana mankhwala amauluka, ndalama zanu n'kutayika. Nsanamira za chigafa muzizike mozama, ndipo denga mulimange molimba mvula isanayambe.