Mtima uli ku Ntcheu, nyumba ili ku Seke

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 66. Ndinachoka kwathu ku Ntcheu mu 1981 kutsatira bambo a ana anga, amene ankagwira ntchito pa fakitale ina ku Harare. Tinapeza nyumba ku Seke, kuno ku Chitungwiza, ndipo ana anayi onse anabadwira konkuno. Bambowo anatisiya zaka zitatu zapitazo, tinawaika kumanda a ku Unit L. Ine ndimagulitsa tomato ndi masamba pafupi ndi Town Centre. Chimwalirireni iwowo, mtima wanga uli kumudzi basi. Ndimalakalaka nsima ya ufa woyera, usipa, kachewere wa ku Tsangano, ndi kungomva munthu akundiitana ndi mfunda wanga. Kuno amangoti ndine gogo wa ku Malawi. Kumudzi ndinapitako komaliza mu 1998 pa maliro a mayi anga. Ndikufuna kugulitsa nyumba ndizipita, ndikafere kwathu. Ana akukana, akuti chisoni chandisokoneza mutu, ndipo wamkulu wasiya kundiyankhula. Kodi ndikulakwa kufuna kwathu?

Mayi wopukwa, Seke

Mayi,

Simukulakwa, ndipo mutu wanu uli bwinobwino. Munthu wosokonezeka salongosola zinthu monga mwalongosolera inu. Koma nyumbayo musagulitse, makamaka chaka chino. Pitani ku Ntcheu, mukakhaleko miyezi ingapo, makiyi a ku Seke ali pansonga ya chitenje. Ndikutero chifukwa kumudzi kumene mukukulakalaka ndi kwa mu 1981, pamene basi ikakutsitsani ku Ntcheu ya lero, ndipo simungadziwe ngati Ntcheu ya leroyo ikukwanirani musanakagonemo.

Taonani nthawi imene kupukwaku kwakula. Mwakhala ku Zimbabwe zaka zoposa 40. Munapirira chaka cha 2005, pamene Murambatsvina inagwetsa timisasa ndi timabenchi ta ogulitsa malonda m'mataunishipi. Munapirira 2008, ndalama itasanduka mapepala, m'masitolo muli mashelefu okhaokha. Zaka zimenezo n'zimene munthu akanalongedza katundu, koma inu munakhala. Mtima wayamba kuthawira kumudzi bambo atamwalira. Kwa zaka zonsezi munali ndi munthu m'nyumba woyankhula Chichewa cha kwanu, wodziwa mayina a amalume anu, woseka nanu mukatchula wakutiwakuti wa kumudzi popanda kumufotokozera kuti anali ndani. Iyeyo ndiye anali Ntcheu yanu kuno. Mbali ina ya chimene mukuchitcha kusowa kumudzi ndi kusowa mwamuna wanu, ndipo mbali imeneyo simukaipeza ku Tsangano. Ana anu aona zimenezi, n'chifukwa chake akutchula chisoni. Kulakwa kwawo n'kwakuti akuganiza kuti chisonicho ndicho nkhani yonse.

Nkhani yonse ndi yakale kuposa inu. Amuna a ku Nyasaland anayamba kutsikira ku migodi ndi mafamu a Southern Rhodesia kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ena wapansi, ena kudzera ku bungwe lolemba anthu ntchito la Mthandizi, ena pa malole a Ulere. Nthawi ya Chitaganya, kuyambira 1953 mpaka 1963, anachuluka kwambiri. Amene sanabwerere, kwawo ankawatcha machona. Anthu amenewa ankapukwa monga inu, ndipo kupukwako kunawamangitsa zinthu: mipingo ya CCAP imene lero ili pansi pa Sinodi ya Harare, mizikiti ya Ayao, madambwe a gule wamkulu amene Ashona amati zvigure, ndi mabungwe othandizana pa maliro. Chitungwiza yeniyeniyo, imene inapangidwa mu 1978 pophatikiza St Mary's, Zengeza ndi Seke, yadzaza ndi zidzukulu zawo. Nyimbo za sungura zimene zimalira m'makombi a pa Town Centre zili ndi Chichewa mkati chifukwa cha ana a anthu otere, monga Alick Macheso ndi Nicholas Zakaria. Ndiye za chakudya ndisachedwepo. Chimanga chikhoza kukonoledwa, kuviikidwa ndi kuyanikidwa pabwalo la ku Seke momwemo, ndipo usipa umabwera ndi amalonda a pa basi. Kapenta wa ku Kariba si usipa, pamenepo ndikuvomerezani, koma ndiwo sizigulitsitsa nyumba.

Azungu nawo inawapeza nthenda yomweyi, ndipo nkhani yawo inalembedwa bwino moti tingaphunzirepo. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, anthu oposa miliyoni imodzi a ku Britain anasamukira ku Australia, munthu akulipira mapaundi 10 okha pa ulendo wonse wa pa sitima. Kumeneko kunali ntchito, dzuwa, ndi chiyankhulo chawo chomwe. Komabe pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse anabwerera, akudandaula abale, malo omwera mowa a pafupi ndi kwawo, ngakhale nyengo yozizira imene ankaithawa. Chondichititsa chidwi n'chakuti ambiri mwa obwererawo anakwereranso sitima kupita ku Australia, ulendo uno ndi ndalama zawo. Anapeza anzawo atasamuka, misewu itasintha, abale atazolowera kukhala popanda iwo. Amene anagulitsa zonse pochoka anayambiranso pansi kawiri. Iwowa anali atachokako zaka zochepa chabe. Inu kumudzi simunapondeko kuyambira 1998.

Tiyeni tione Ntcheu ya lero. Kalembera wa 1977 anapeza anthu pafupifupi 5.5 miliyoni m'Malawi monse, ndipo wa 2018 anapeza oposa 17.5 miliyoni. Minda sinakule. Pa mwambo wa kwanu, munda umatsata kuchikazi, ndiye monga mwana wamkazi wa mayi anu muli ndi gawo, palibe angakane poyera. Koma gawolo pali amene wakhala akulilima zaka zonsezi, mwina mng'ono wanu kapena ana ake, ndipo ndi limene limadyetsa ana awo. Mukakafika ngati mlendo wa milungu iwiri akakuphererani nkhuku. Mukakafika ndi katundu n'kufunsa malire a munda wa mayi, nkhope zikasintha, osati chifukwa ndi anthu oipa koma chifukwa njala ya mu Febuluwale amaidziwa. Pamwamba pa izi, m'mudzi monse mudzamveka kuti agogo a ku Halale abwera ndi madola a nyumba. Padzakhala fizi ya mwana, feteleza, matenda, maliro, ndipo pa zonsezi mudzapereka chifukwa mukufuna kulandiridwa. Mukasintha ndalamazo kukhala makwacha, kumbukirani kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Nyumba imene inakutengerani moyo wonse ikhoza kutha m'zaka zitatu, inu muli ndi zaka 69, ana anu ali kutsidya kwa malire awiri. Ndipo dzina loti a ku Halale silichoka msanga. Pali machona amene anabwerera n'kupeza kuti kwawonso akuwaona ngati obwera, Chichewa chawo chikumveka Chishona.

Mwina mundiyankha kuti kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka, ndipo kuti Zimbabwe sinatilandirepo ndi manja awiri. Mfundo imeneyi siyopepuka. Anthu athu akhala akutchedwa Mabhurandaya ndi anthu opanda mitupo, ndiye kuti opanda mfunda. Kulanda mafamu kumene kunayamba mu 2000 kunasiya pamtetete ogwira ntchito ambiri ochokera ku Malawi ndi Mozambique, opanda mudzi wothawirako. Lamulo la unzika la 2001 linakakamiza anthu kukana unzika wa dziko la makolo awo, dziko limene ena sanalionepo, ndipo ambiri anatsala ndi ziphaso zolembedwa kuti ndi alendo, osaloledwa kuvota. Amene anaona zimenezi ali ndi chifukwa choopera kukalambira kuno. Koma lamulo lalikulu la dziko la 2013 linasintha zinthu kwa ana anu: munthu wobadwira m'Zimbabwe, kholo lake lili lochokera m'dziko la SADC, amene ankakhala m'dzikomo pa nthawiyo, ndi nzika yobadwa nayo. Ana anu ndi zidzukulu zanu si alendo, ndipo sadzakutsatirani ku Ntcheu. Mwambi uja umagwira bwino kwa munthu amene mbumba yake ili malo amodzi. Yanu inagawika: amene anakubalani ali m'manda ku Ntcheu, amene munawabala ali moyo ku Chitungwiza. Tsiku limene miyendo idzakane, adzakusambitsani ndi awa achiwiriwa. Chipatala chachikulu cha Chitungwiza chili ndi mavuto ake, madzi m'mipopi ya ku Seke amabwera mwa apo ndi apo, koma ndi mavuto amene mukudziwa polowera ndi potulukira pake.

Chotsutsa chachiwiri ndi chimene mwachilemba m'mawu awiri okha, kuti ndikafere kwathu, ndipo ndikuona kuti ndicho cholemera koposa. Pa chikhalidwe chathu mkazi amakagona kumanda a kwawo, pafupi ndi mayi ake, ndipo kufuna zimenezi si misala. Ana obadwira ku Zimbabwe ayenera kumvetsa, popeza Ashona nawonso amanyamula maliro kuchokera m'tauni kupita nawo kumusha, kumudzi kwawo. Koma kuikidwa ku Ntcheu sikulira kuti mukayambe kukhala kumeneko zaka khumi kapena makumi awiri imfa isanabwere. Kumalira kukonzekera: kulowa bungwe la maliro kapena inshuwalansi imene imanena momveka, pa pepala, kuti idzanyamula thupi kudutsa malire, kudziwitsa mwinimbumba ndi anyakwawa akumudzi mudakali moyo, ndi kuuza ana onse anayi ali pamodzi, pali mkulu wa mpingo ngati mboni. Mwinanso mukakaona manda a mayi anu, mtima udzakuuzani kuti mukufuna kugona pafupi ndi bambo ku Unit L. Zonse ziwiri n'zololeka, bola musankhe mutaona ndi maso.

Za ana anu ndinene mosabisa. Kukana kwawo kuli ndi chikondi, koma nyumba ya m'tauni si chinthu chimene ana amachiyang'ana ndi chikondi chokha. Ena mwina akukhalamo, ena akuiwerengera ngati cholowa. Wamkulu amene wasiya kukuyankhulani afunsidwe mwaulemu kuti chamupweteka n'chiyani, kutaya mayi kapena kutaya denga. Malamulo a Zimbabwe a za chuma cha masiye, kuyambira kusintha kwa mu 1997, amapereka nyumba imene banja linkakhalamo kwa mkazi kapena mwamuna wotsala. Choncho nyumbayo ana alibe mphamvu yokulandani kapena kukuopsezani nayo. Koma onetsetsani kuti chuma cha malemu chinalembetsedwa kukhoti ndipo dzina lanu linalowa m'mabuku, pakuti nyumba zambiri za ku Chitungwiza zilibe chikalata cha umwini, zimadziwika ndi zolembedwa za ku khonsolo. Mukachoka dzina la malemu likadali pamenepo, mudzasiya mkangano umene udzadanitsa ana anu inu mukadali moyo. Lembaninso wilo. Kukana kugulitsa kukhale kwanu, osati kogonjera mwana wokwiya.

Tsono ulendo. Kuchokera ku Harare kudzera pa Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, n'kulowera pa Dedza kapena pa Mwanza, ndi ulendo wa tsiku limodzi kapena kupitirira pang'ono, malinga ndi mizere ya pa malire. Musanagule tikiti, konzani mapepala. Inu munabadwira ku Malawi, ndiye ndime ya 2013 ija ndi ya ana, si yanu. Ngati chiphaso chanu ndi cha mlendo wololedwa kukhazikika, kafunseni ku ofesi ya zolowa ndi kutuluka kuti mungakhale kunja nthawi yaitali bwanji osataya chilolezocho. Kafunseninso ku ofesi ya kazembe wa Malawi ku Harare za pasipoti, podziwa kuti Nyumba ya Malamulo ya Malawi inavomereza unzika wa mayiko awiri mu 2018. Ngati mumalandira kangachepe ka penshoni ya NSSA ya malemu, dziwani m'mene muzidzalandirira muli kutali.

Musasankhe nyengo yokoma yokha. Mu Seputembala, pa Umhlangano wa Angoni a Maseko, nkhokwe zikadali ndi chimanga ndipo aliyense ndi wansangala. Pa Khirisimasi aliyense amakhalanso wansangala. Fikani mu Novembala, mudzale nawo, mukhale mpaka Marichi, muone matope, mtengo wa chimanga pa msika wa Lizulu, mtunda wa kuchipatala, ndi m'mene abale amakuonerani shuga amene munabweretsa atatha. Itanitsani mdzukulu mmodzi pa tchuthi cha Disembala, akadziwe kumene munachokera, ndipo ana anu adzaona kuti simukuwathawa. Chipinda chimodzi kapena ziwiri za ku Seke ikani alendi, ndalama yake izikupezani mwezi ndi mwezi. Benchi lanu la pa Town Centre musiyire munthu wodalirika, musalitaye.

Mukadzabwerako mu Marichi mtima ukunenabe kuti Ntcheu, mangani kanyumba ka njerwa kumudzi ndi ndalama ya lendi, muzikhala miyezi ina uku ina uko mpaka mutatsimikiza. Ndipo Lamulungu likubwerali, funsani ku CCAP kapena ku mpingo wanu kumene amayi achikulire oyankhula Chichewa amakumana mkati mwa sabata. Muwauze mfunda wanu tsiku loyamba lomwelo.

Azakhali