Kufufuza Chovuta pa Nyale ya Sola, Wailesi ndi Sipuleya Pogwiritsa Ntchito Maikulosikopu Yotsika Mtengo

Phunziroli ndi la maola awiri. Gulu likhale ndi maikulosikopu imodzi ya USB, foni ya Android yochajidwa bwino, kachingwe ka OTG, rula, tochi, kabulashi kakale kotsukira mano, spiriti, machesi ndi sikuludiraiva yaing'ono. Membala aliyense amene ali ndi nyale ya sola, wailesi kapena tochi imene inafa abwere nayo.

M'nyumba zambiri muli kangodya kamene timaunjikapo zinthu zakufa: nyale ya sola imene inasiya kuchaja, wailesi imene imalankhula pokhapokha mutaimenya, sipuleya ya batire imene inaima pakati pa dimba la tomato. Timati zinapsa, n'kuyamba kusunga ndalama zogulira zina. Koma mukatsegula, nthawi zambiri mumapeza kuti sichinapse chilichonse. Waya mmodzi wathothoka, kapena mtovu umene unagwira mwendo wa kachipangizo wang'ambika, kapena dzimbiri ladya kanjira ka magetsi. Vuto lake ndi lakuti mng'alu wotere ndi wopyapyala kuposa tsitsi, ndipo diso la munthu, makamaka ife amene tadutsa zaka 40, silingauone. Sipuleya ikafa sabata imene tizilombo tabuka, sitikuyembekezerani kuti mupite kutauni kukafuna mmisiri.

Kachipangizo kake

Maikulosikopu imene tikunenayi si ija ya kuchipatala yoyezera malungo. Ndi kamera yaing'ono yooneka ngati tochi yonenepa, yokhala ndi timagetsi 8 tozungulira kumaso kwake, gudumu lopotokola pakati, ndi chingwe cholowa pa foni kapena pa kompyuta. Chimene yaona chimatuluka pa galasi la foni, kotero anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi akhoza kuonera limodzi n'kumatsutsana, monga timachitira pounika munda. Apa m'pamene imaposa galasi lokuzira la m'manja, limene amaona ndi munthu mmodzi, ena n'kumangomukhulupirira.

Kuti igwire pa foni ya Android pafunika kachingwe ka OTG ndi pulogalamu yoonetsera kamera ya USB. Si foni iliyonse imene imalola zimenezi, choncho yesani musanalipire. Tengani foni yanu kwa wogulitsa, mulumikize pomwepo, muone chala chanu. Zilipo zina zimene zimalumikizana ndi foni kudzera pa WiFi yakeyake ndipo zili ndi batire m'kati. Zimenezo sizifuna bandulo, koma chithunzi chake chimachedwerapo.

Pa katoni amalemba kuti imakuza ka 1000, ena ka 1600. Musagule chifukwa cha nambala imeneyo, ndi yokopera makasitomala basi. Kukuza kwenikweni tidziyezera tokha.

Ntchito yoyamba: rula

Ikani rula pa tebulo, maikulosikopu iyang'ane pa timizere ta mamilimita. Potokolani gudumu pang'onopang'ono mpaka timizere tioneke bwino. Werengani mamilimita amene akuoneka kuchokera mbali ina ya chithunzi kufika mbali inayo, kenako yezani m'lifupi mwa chithunzicho pa foni. Ngati chithunzi ndi cha masentimita 12, ndiye kuti mamilimita 120, ndipo mukuona mamilimita 4, gawani 120 ndi 4: ikukuza ka 30. Gulu lililonse lilembe yankho lake.

Mukapitiriza kupotokola gudumu, chithunzi chichita mbuu, kenako chidzaonekanso bwino pamene mwayandikitsa kamera mpaka kutsala pang'ono kukhudza rula. Kumeneko ndiye kukuza kwambiri, ndipo mudzangoona milimita imodzi kapena awiri. Ambiri akaigwira koyamba amathamangira komweko, koma pa ntchito yathu sikuthandiza. Simudziwa kuti muli pati pa bolodi, dzanja likanjenjemera pang'ono chithunzi chimathawa, ndipo palibe mpata wolowetsa chida chilichonse. Kukuza kochepa, kamera ili patali ngati zala zitatu kapena zinayi, n'kokwanira.

Kamwendo kamene amaikamo m'katoni ndi kofooka, kamagwedezeka ngakhale wina atangotsamira tebulo. Khomani kathabwa koima pa thabwa lina lophwatalala, mumangirirepo kamera ndi mphira wa chubu cha njinga. Mukatero muzisuntha bolodi, kamera ikhale phee.

Tisanatsegule kanthu

Chotsani batire choyamba, ndipo chotsani waya wa sola. Ngati batire la nyale latupa, likutentha kapena likununkha, musaliboole, musalipinde, musaliponye pamoto. Liikeni panja pa mchenga, kutali ndi denga la udzu komanso ana. Mainiveta ndi machaja olowa pa magetsi a m'nyumba a mavoti 230 sitiwatsegula m'phunziro lino, chifukwa makapasita ake amasunga mphamvu yoopsa ngakhale mutazula pa soketi. Sipuleya itsukidwe katatu ndi madzi ndipo iume, wotsegulayo avale magolovesi, pakuti mankhwala amadontha n'kuumira m'chipinda cha batire.

Jambulani chithunzi ndi foni musanachotse waya aliyense. Pobwezera mudzaiwala kuti wofiira anali kuti.

Kuyenda pa bolodi

Pounika munda sitingolowa paliponse, timayenda mwadongosolo. Pa bolodi n'chimodzimodzi, koma yambani ndi malo amene amavutitsidwa tsiku ndi tsiku: polowetsa chaja, pa switchi, pamene mawaya a batire ndi a sola agwira bolodi, pa gudumu la voliyumu, polowetsa mahedifoni. Malo amenewa amakokedwa ndi kukankhidwa, ndipo zovuta zambiri zimakhala pamenepo. Mukamaliza apo, yendani mzere ndi mzere kuchokera pa ngodya imodzi, mbali zonse ziwiri za bolodi.

Mwendo uliwonse wa kachipangizo umagwiridwa ndi kadontho ka mtovu wowotcherera, umene amisiri amautcha solder. Kadontho kabwino kamaoneka ngati kachulu kosalala kamene kakwera mwendo mopendekeka, popanda mpata. Koipa kamaoneka ngati mpira umene wangokhala pamwamba osagwira pansi, kapena kokhakhala ngati nsima ya mitanda. Chenjerani pa chinthu chimodzi: zipangizo zambiri za masiku ano amawotcherera ndi solder wopanda mtovu, amene sanyezimira ngakhale ali bwinobwino. Kusanyezimira kokha si umboni. Umboni weniweni ndi mng'alu, kamzere kakuda kozungulira mwendo ngati mphete.

Mukakayikira, tengani kamtengo ka machesi, mukankhe kachipangizoko pang'ono kwinaku mukuyang'ana pa foni. Mwendo ukasuntha koma mtovu n'kukhala, kapena mng'alu ukatseguka n'kutsekeka, mwachipeza. Wailesi ija yolankhula ikamenyedwa matenda ake ndi amenewa: kumenyako kumagunditsa mbali ziwiri za mng'alu kwa kanthawi.

Mtovu umanyezimira, ndipo timagetsi 8 tija tikawala mwamphamvu mumangoona kuyera kokhakokha. Pa chingwe pali kagudumu kochepetsera kuwala. Chepetsani, kapena zimitsani n'kuunika ndi tochi kuchokera m'mbali. Kuwala kochokera m'mbali kumapangitsa mng'alu kukhala ndi mthunzi, monga mizere ya m'munda imaonekera bwino dzuwa likamalowa kusiyana ndi masana. Pendeketsaninso bolodi, chifukwa mng'alu wina subwera poyang'ana kuchokera pamwamba.

Polowetsa chaja ya micro USB pali timiyendo 5 totalikirana mamilimita 0.65 okha. Ana akamakoka chingwe, kapena tikamalowetsa chozondoka mokakamiza, timiyendoto timanyamuka pa bolodi. Ndiye nyale imachaja pokhapokha mutapanikiza chingwe ndi mwala. Yang'ananinso m'kati mwa kabowoko: fumbi ndi ulusi wa m'thumba zimaumbika mpaka chaja osafika kumapeto, ndipo zimenezo zimangofuna kamtengo kosongola, osati singano.

Dzimbiri limaoneka ngati ufa wobiriwira kapena woyera. Limabwera ndi chinyezi cha nyengo ya mvula, mabatire a wailesi amene anasiyidwa m'kati mpaka kudontha, ndiponso mphemvu ndi nyerere zimene zimakonda kufunda kwa m'zipangizo. Nyowetsani kabulashi ndi spiriti, tsukani, dikirani kuti paume, muyang'anenso. Ngati kanjira ka mkuwa kadakali kathunthu pansi pake, mwapulumuka. Ngati kadyeka n'kuduka, pamafunika kulumphitsa ndi kawaya kopyapyala.

Kapasita, kaja kooneka ngati kamgolo, iyenera kukhala yophwatalala pamwamba. Ikatupa kapena kutulutsa zofiirira, yatha. Kachipangizo kamene kanapsadi kamakhala ndi kabowo kapena chithuza pamsana, ndipo bolodi imadera mozungulira. Pamenepo maikulosikopu ikuthandizani kuwerenga tizilembo take kuti mukafune china chofanana. Pa marezisita aang'ono akuda, nambala yomaliza imanena kuchuluka kwa maziro: 103 ndi 10 wotsatidwa ndi maziro atatu, kutanthauza 10,000, ndipo 472 ndi 4,700. Jambulani, mukamuonetse mmisiri chithunzicho. Ulendo umodzi ukwanira m'malo mwa iwiri.

Zimene singaone

Maikulosikopu imaona za kunja kokha. Batire lotha mphamvu limaoneka labwinobwino, ndipo nyale zambiri za sola zimafa chifukwa cha batire. Pamenepo pafunika mita yoyezera magetsi. Batire lozungulira la 18650 lolembedwa mavoti 3.7 limafika 4.2 likadzaza, ndipo likatsika kufika cha m'ma 3.0 ndiye kuti latha moto. Nyale zina zili ndi batire la mavoti 3.2, choncho werengani zolembedwa musanagule lina. Batire la sipuleya la mavoti 12 likadzaza limaonetsa cha m'ma 12.6 kapena kuposerapo pang'ono. Limene limatsika msanga mukangoyatsa pampu ndi lotopa, makamaka ngati linakhala chilimwe chonse osachajidwa. Ngati gulu lili ndi ndalama zogulira chinthu chimodzi chokha, maganizo anga ndi akuti liyambe ndi mita, maikulosikopu ibwere pambuyo.

Kuwotcherera

Musayese kuwotcherera mukuyang'ana pa foni. Chithunzi chimafika mochedwa pang'ono, ndipo sichionetsa kutalika ndi kufupika, kotero dzanja limapitirira n'kukaotcha zina. Kumaso kwa kamera kulinso kapulasitiki kamene kamasungunuka, ndipo utsi umadetsa galasi. Chitani motere: pezani malo, ikani chizindikiro ndi cholembera, sunthani kamera, wotchererani ndi maso anu, dikirani kuti pazizire, kenako bwezerani pansi pa kamera.

Solder wa mtovu amasungunuka pa madigiri pafupifupi 183 mpaka 190, wopanda mtovu cha pa 217. Nsonga ya chowotcherera ikhudze mwendo ndi kamkuwa ka pa bolodi nthawi imodzi, muonjezere solder watsopano pang'ono, masekondi awiri kapena atatu basi. Mukachedwetsa, kamkuwako kamamatuka, ndipo ntchito yaing'ono imasanduka yaikulu. Poyang'ananso, funani kachulu kosalala kaja, komanso onetsetsani kuti mtovu sunadumphire pa mwendo woyandikana nawo. Kamlatho kotero ndi kamene kamapsereza bolodi mukabwezera batire. Musabwezere batire mpaka anthu awiri ataona chithunzi n'kuvomereza.

Gwirani ntchitoyi pakhonde kapena pafupi ndi zenera, utsi usalowe m'mphuno. Mtovu ndi poizoni, makamaka kwa ana ndi amayi oyembekezera: musaume waya wake ndi mano, tolani tizidutswa tonse, ndipo sambani m'manja ndi sopo musanagwire nsima.

Kudimba

Kachipangizo komweka musakasunge m'katoni kudikira wailesi yakufa. Kangaude wofiira wa pa tomato ndi wamkulu ngati theka la milimita, ndipo pa foni mudzamuona akuyenda kuseri kwa tsamba pamodzi ndi mazira ake ozungulira. Mbozi ya chimanga ija inatisautsa kuyambira nyengo ya 2016 ndi 2017 mudzaizindikira ndi chilembo cha Y chozondoka pamutu ndi timadontho tinayi toima ngati ngodya za bokosi chakumchira. Ingopukutani kamera mukachoka kudimba musanaibweretsenso pa bolodi.

Ntchito ya m'magulu

Gawanani m'magulu a anthu asanu, gulu lililonse litenge chipangizo chimodzi chakufa. Mwini wake afotokoze mmene chinafera: chinagwa, chinanyowa, chinazima mwadzidzidzi kapena chinkayamba chafooka? Musanatsegule, gulu linene pamene likuganiza kuti pali vuto ndi chifukwa chake. Kenako fufuzani, aliyense agwireko kamera, amayi ndi abambo mofanana, osati achinyamata okha. Jambulani pa pepala lalikulu bolodi yanu, muike chizindikiro pamene mwapeza mng'alu, dzimbiri kapena popsa, ndipo mufotokozere gulu lonse ngati mukonza nokha, mupita nacho kwa mmisiri, kapena musunga kuti muzichotsapo zipangizo.

Musanabalalike gwirizanani amene azisunga maikulosikopu, kope lolembamo wobwereka ndi tsiku lobweza, ndiponso ngati anthu a kunja kwa gulu azilipira kangachepe. Sabata ya mawa amene ali ndi sipuleya ya batire abwere nayo yotsuka kale, pamodzi ndi chaja yake.